Zaka 3 za piritsi la pansi pa lilime: zomwe aleji ya udzu yawadyera mayi wina wa ku Dedza kuno ku England

Ndine nesi, ndimagwira ku kiliniki ya aleji pa chipatala china cha boma, cha NHS, kumpoto kwa England. Nkhani ndikulembayi ndi ya mayi wina wakwathu, anandilola okha kuti ndilembe bola ndisatchule dzina lawo olo tauni yomwe akukhala, nde ndizingoti mayiwa. Chandilembetsa ndi funso limodzi lomwe anthu athu sasiya kundifunsa, kutchalitchi, pa WhatsApp, ngakhale pa maliro: "asisi, mankhwala othetseratu hay fever aja ndi ndalama zingati?" Hay fever ndi aleji ya mungu, yobweretsa kuyetsemula, mamina ndi kuyabwa maso. Nambala ilipo ndipo nditchula, koma yomwe inawalemera mayiwa si imeneyo.

Mmene anatipezera

Ali ndi zaka 36, kwawo ndi ku Dedza, anafika kuno mu Epulo 2022 pa visa ya Health and Care Worker. Amagwira ku nyumba yosamalira okalamba, mashifiti a maola 12, ana awo awiri ali kumudzi ndi agogo awo ndipo fizi, ufa, feteleza, zonse zikuyang'ana iwowa. Kumudzi amayetsemula ndithu nthawi ya fumbi cha mu Seputembala ndi Okutobala ngati munthu wina aliyense, samazitenga ngati matenda. Chaka choyamba kuno zinangowakhudza pang'ono. Mu 2023 ndi momwe zinawagwira zenizeni, kuyambira pakati pa Meyi mpaka kumapeto kwa Julayi, yomwe ndi nthawi udzu wa kuno umatulutsa mungu. Kuyetsemula kotsatizana mpaka misozi, mamina amadzimadzi osaleka, maso psuu, kuyabwa kufika kukhosi ndi mkati mwa makutu momwe chala sichingafike, usiku mphuno kutsekeratu nkumapuma ndi kukamwa, kudzuka m'mawa kukhosi kuli gwa. Kuntchito kwawo kuli kapinga wamkulu yemwe amatchetchedwa pafupipafupi, mawindo amakhala otsegula chifukwa cha kutentha, ndipo masana iwo ndi omwe amatulutsa agogo aja kukawothera dzuwa. Nde pothawira panalibe.

Anachita zomwe tonse akwathu timachita, Piriton. Anali naye wambiri wochoka naye kumudzi. Piriton amagwira, sindikana, koma ndi mankhwala akale omwe amafika mpaka ku ubongo nkubweretsa tulo, ndipo tsiku lina anasinza ali chikhalire supuni ili m'manja akudyetsa gogo wina. Bwana wawo anawayitana mu ofesi. Kwa munthu yemwe visa yake yamangiriridwa pa ntchito imeneyo, kuyitanidwa chonchi si nkhani yaying'ono, anandiuza kuti usiku umenewo sanagone, osati chifukwa cha mphuno koma mantha. Mpamene anapita kwa GP, dokotala wa m'dera yemwe wodwala amayamba kuonana naye, mu Julayi 2023, ndipo GP anawalembera kalata yobwera kwa ife.

Tinawaona mu Malichi 2024. Miyezi 8 akudikira. Izi zimandipweteka chifukwa ndimadziwa tanthauzo lake pa kalendala ya mankhwalawa, ndifotokoza.

Zomwe tinapeza

Tinawauza asiye mankhwala oletsa kuyabwa kwa masiku angapo asanabwere, apo ayi mayeso amanama. Kuyeza kwake nkwapakhungu: timadontheza timadontho pamkono, ka mungu wa udzu, ka mungu wa mitengo, ka tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba, ka mphaka, ka galu, kuphatikiza kadontho ka histamine, chomwe chimabweretsa kuyabwa m'thupi, ndi ka madzi amchere toti titsimikizire kuti khungu likuyankha bwino, kenako timabaya pang'ono pa kadontho kalikonse nkudikira mphindi 15. Chotupa cha mamilimita 3 kupita m'mwamba timachiwerengera. Pa udzu panatupa mamilimita 9, iwo eni anachita kudabwa. Pa tizilombo ta fumbi panangofika 3, kwinako zii. Magazi anagwirizana ndi khungu, IgE ya udzu, chizindikiro cha aleji m'magazi, inali yokwera. Mapapo tinayeza, anali bwinobwino, mphumu alibe, ndipo apa mpofunika chifukwa munthu wa mphumu yosagonja ndi mankhwala sitimuyambitsa immunotherapy, chithandizo cholizoloweretsa thupi mungu pang'onopang'ono.

Kenako ndinawapempha andionetse mmene amapopera mankhwala a m'mphuno omwe GP anawapatsa. Analoza pakati pa mphuno, mutu chagada, nkukoka mpweya mwamphamvu, mankhwala onse kuthera kukhosi. Komanso amapopera tsiku lomwe zavuta lokha. Ndinawauza kuti "achemwali, awa si a ululu oti mumwa mutu ukawawa, awa amafuna tsiku ndi tsiku, kuyamba masabata 2 mungu usanayambe, mutu woweramira pang'ono, kulozetsa cha kukhutu, osakoka." Anaseka nkuti palibe anawaonetsapo. Ndi zoona, ambiri saonetsedwa.

Nde dokotala wamkulu anagamula zinthu ziwiri. Choyamba, ayambe adutsa nyengo imodzi akumwa mankhwala wamba moyenera: fexofenadine yemwe sagonetsa ngati Piriton, mankhwala opopera m'mphuno osakaniza steroid ndi azelastine, ndi odontheza m'maso. Immunotherapy pa NHS ndi ya anthu omwe zonsezi zawakanika, siyoyambira. Chachiwiri, olo tikanafuna kuyamba pompo nthawi inali itatha kale, chifukwa piritsi la udzu limafuna kuyambika miyezi 4 mungu usanabwere. Malichi kufika Meyi ndi miyezi 2 basi. Akanaonedwa mu Novembala 2023 mwina nkhani ikanayenda mwina, koma mmene zinalili, chaka chathunthu chinapita.

Analira. Anati anthu ena kuntchito akuwauza za jakisoni wa hay fever yemwe amabayitsa kumakiliniki apulayiveti, kamodzi basi nyengo yonse uli mfulu. Ameneyo ndi Kenalog, steroid wamphamvu yemwe akalowa m'thupi simungamutulutsenso, amakhala masabata akugwira ntchito thupi lonse, angathe kukweza shuga, kufoola mafupa, kubooka mnofu pomwe abaya, ndipo NHS simupereka pa hay fever. Mu 2022 akuluakulu oona za mankhwala ndi zotsatsa malonda kuno anachenjeza makiliniki kuti asiye kumutsatsa. Chachikulu nchoti sachiza aleji, amangoyiphimba, chaka chamawa mubwereranso. Ndinawachonderera ngati m'bale wanga kuti asapite, ndipo sanapite.

Nyengo ya 2024 ndi masamu ake

Anatsatira zonse, ndinaona ndekha buku lomwe amalembamo tsiku lililonse. Zinapepukako koma osati kwenikweni. Mu Juni ndi Julayi anajomba mashifiti 7, masiku oti maso atupa osatheka kuona bwino zolemba pa mankhwala a agogo aja. Apa mpomwe ndalama zenizeni zinayambira kuoneka. Amalandira £11.44 pa ola, yomwe inali malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma kuyambira Epulo 2024, nde shifiti ya maola 12 ndi £137.28. Kuchulukitsa ka 7 ikukwana pafupifupi £961. Ndipo sanalandire kanthu pa masiku amenewo chifukwa ndalama ya odwala yomwe lamulo limati abwana azipereka nthawi imeneyo simawerenga masiku 3 oyamba, pomwe kujomba kwawo kunali kwa tsiku limodzi apa, awiri apo. Temu imeneyo fizi ya mwana wamkulu inachedwa, anachita kukongola ku banki mkhonde ya amayi akwathu kuno.

Kuwonjezera apo mankhwala. Ku England chinthu chilichonse cholembedwa pa prescription ndi £9.90 kuyambira Meyi 2024, iwo anali ndi zitatu, nde £29.70 pa ulendo umodzi wa ku famase. Ku Scotland ndi ku Wales salipira kalikonse, koma iwo ali ku England.

Chithandizo chenichenicho

Mwachidule chimagwira chonchi. Thupi la munthu wa aleji limaona mungu ngati mdani, limapanga asilikali otchedwa IgE omwe amakhala pa timaselo ta m'mphuno ndi m'maso, mungu ukangofika timaselo timatulutsa histamine ndi zina, nde kuyabwa, kutupa, mamina. Piriton ndi anzake amatchinga histamine wotuluka kale. Immunotherapy imapita kugwero, mumalipatsa thupi mungu womwewo mwa muyezo tsiku ndi tsiku kwa nthawi yayitali mpaka lizolowere, liyambe kupanga asilikali amtundu wina, IgG4, omwe amaugwira mungu usanafike pa IgE. Si zachilendo ayi. Anayamba ndi madokotala awiri, Leonard Noon ndi John Freeman, pa chipatala cha St Mary's ku London mu 1911, akubaya anthu madzi a mungu wa udzu wotchedwa timothy, udzu womwewo uli mu piritsi lomwe mayiwa akumwa lero.

Njira zilipo ziwiri, jakisoni kapena piritsi la pansi pa lilime. Jakisoni amafuna kubwera kuchipatala sabata iliyonse miyezi yoyambirira, kenako pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo mukabayidwa simuchoka, mumakhala ola lathunthu tikukuyang'anani. Lamulo lodikirali linabwera chifukwa cha imfa, mu 1986 komiti yoona za chitetezo cha mankhwala kuno inakhwimitsa zinthu anthu angapo atamwalira ndi majakisoniwa, ambiri mwa iwo anali a mphumu, ndipo kuyambira pamenepo amabayidwa pokhapokha pali zida zotsitsimutsira munthu. Titakhala pansi ndi mayiwa kuwerengera, ulendo uliwonse ndi mabasi awiri kupita awiri kubwera, ola lodikira, theka la shifiti lapita, bwana kumupempha chilolezo sabata ndi sabata. Anapukusa mutu. Jakisoniyo pa NHS sakanalipira kobiri, koma sakanamukwanitsa.

Nde tinasankha piritsi, Grazax, lopangidwa ndi kampani ya ALK ya ku Denmark. Limodzi patsiku, chaka chonse osati nthawi ya mungu yokha, kwa zaka 3. Zaka 3 zimenezi sizongokometsera, ndi zomwe zimapangitsa kuti phindu likhalebe munthu atasiya kumwa.

Mtengo tsopano. Wolembedwa mu buku la mankhwala la BNF ndi £80.12 pa mapiritsi 30. Ndi pafupifupi £2.67 patsiku, £975 pachaka, zaka 3 ikupitirira £2,900. Pa reti ya ku banki kwathu paketi imodzi ya mwezi ikudutsa K170,000. Imeneyo ndi ya mankhwala okha, munthu wopita pulayiveti amawonjezera ya dokotala, ya mayeso, ya tsiku loyamba kumwa, ya maulendo obwereza, ndipo famase imayikaponso yake. Mayiwa anafunsako pulayiveti nthawi yomwe amadikira ija, atangomva ya kuonana ndi dokotala kamodzi anadula foni. Pa NHS mankhwalawo amalipira ndi boma, iwo amangolipira £9.90 ija pa paketi. Koma chifukwa amapatsidwa ya mwezi umodzi umodzi, ka 12 ndi £118.80, osawerengera zopopera ndi za m'maso zomwe amafunabe nthawi ya mungu. Ndinawatsegulira pa foni yawo pomwepo satifiketi yolipiriratu ya chaka, £114.50, yomwe imakwirira prescription iliyonse chaka chonse ndipo mutha kuyilipira pang'onopang'ono miyezi 10. Anali atakhala kuno zaka 2 ndi theka osayidziwa. Anthu athu ambiri sayidziwa, ena a BP ndi mphumu akulipira £9.90 katatu kanayi mwezi uliwonse, zimandiwawa kwambiri. Chinanso choti mudziwe, si dera lililonse lomwe limapereka Grazax mofanana, kwina chipatala chokha ndi chomwe chimalemba, kwina GP amapitiriza, nde funsani za kwanuko.

Taonani bwino manambala awiri aja, £961 yomwe anataya pa mashifiti 7 ndi £975 ya mapiritsi a chaka chonse. Matendawa anali akuwalipiritsa kale mtengo wa mankhwala ake, kungoti ndalamayo imachoka mwakachetechete.

Anayamba mu Novembala 2024. Piritsi loyamba limamwedwa pamaso pathu. Zala zouma, kusenda pepala osati kukankha chifukwa limafumbutuka, kuyika pansi pa lilime, limasungunuka pompo, osameza malovu kwa mphindi imodzi, osadya olo kumwa kwa mphindi 5. Ndinawauzanso kuti muli gelatine ya nsomba, ena amafuna kudziwa. Patangotha mphindi 3 anati "asisi, pansi pa lilime pakuyabwa ngati ndatafuna chitedze." Panatupa pang'ono, kukhosi kukanda, koma kupuma bwinobwino, mawu osasintha, BP ili malo ake. Tinawasunga mphindi 30 zinatsika. Kuyabwaku nkofala kwambiri masabata oyamba ndipo nkomwe kumagwetsa anthu ambiri ulesi, nde ndinawayimbira patatha sabata imodzi, kenako patatha ziwiri. Pofika sabata yachitatu kunali kutatha. Piritsi analiyika pafupi ndi Baibulo lawo, amati akamaliza pemphero la m'mawa ndi pomwe amamwa, tsiku la shifiti ya usiku chimodzimodzi akangofika kunyumba.

Pomwe zinatsala pang'ono kuwonongeka

Mu Febuluwale 2025 bambo awo anamwalira. Uthenga unafika usiku, m'mawa mwake anali akusaka tikiti, tsiku lachiwiri ali m'ndege kudzera ku Addis Ababa. Munthu woferedwa saganiza za famase. Ananyamuka ndi mapiritsi 9 omwe anatsala mu paketi, ndipo kumudzi anakhala masabata 5 chifukwa panali nkhani ya munda ndi ya ana zoti zikambidwe. Atatha mapiritsi anatuma mlongo wawo kuzungulira mafamase mu Lilongwe ndi chithunzi cha paketi pa foni, sanawapeze.

Anandilembera ali komweko, uthenga wautali, mtima uli m'malo awiri. Anati mwina basi angosiya, ndalama zonse zathera tikiti ndi bokosi ndi chakudya cha pamaliro, mutu suli pa mapiritsi, ndipo nthawi imeneyo sakuyetsemula nkomwe nde akumwera chani. Funso lomalizali ndi lomwe limapha chithandizochi kwa anthu ambiri. Miyezi 9 pachaka munthu ali bwinobwino koma akuyenera kumwa mankhwala a matenda omwe sakuwamva. Ndinawayankha kaye za maliro, chifukwa ndi zomwe zinali patsogolo. Patapita masiku ndinawauza kuti asadzazimwere okha akabwera, lamulo la kiliniki yathu ndi loti mukadumpha masiku opitirira 7 mutiuze kaye, ndipo iwo anali atadumpha pafupifupi 26. Anabwera mu Malichi, dokotala anati piritsi loyambiranso amwere pamaso pathu. Kuyabwa kunabweranso koma kochepa kusiyana ndi poyamba. Theka lina la shifiti linapita tsiku limenelo, pa nthawi yomwe analibe olo ya basi, ndinawaona akuwerenga makobiri pa khomo.

Apa ife a kiliniki tinali ndi mbali yathu. Timadziwa kuti odwala athu ochoka kunja amatha kuyitanidwa kwawo usiku umodzi, komabe timapereka ya masiku 30 nkumayembekeza kuti moyo uyenda mwa ndondomeko. Ndinakayankhula pa msonkhano wathu, ndipo pano munthu akadutsa miyezi yoyamba bwinobwino timapempha kuti azipatsidwa ya miyezi 3, komanso tsiku loyamba lomwe ndimawauza kuti paketi imodzi izikhala mu chikwama chomwe muli pasipoti. Grazax safuna fuliji, nde kuyenda naye sivuto.

Nyengo ya 2025

Ndinali ndi nkhawa chifukwa cha mpata uja, unagwera ndendende mu miyezi yokonzekera mungu. Koma buku lawo linaonetsa kusintha. Kuyetsemula kunalipo, maka masabata awiri apakati pa Juni, zopopera m'mphuno anagwiritsabe ntchito tsiku ndi tsiku, koma fexofenadine amamwa masiku ena okha, za m'maso botolo limodzi silinathe, ndipo usiku amagona. Anajomba shifiti imodzi. Mu 2025 ola linali pa £12.21 nde imeneyo ndi £146.52, kuyerekeza ndi £961 ya mu 2024. Sindikunena kuti zonse ndi piritsi, mungu umasiyana chaka ndi chaka ndipo kapoperedwe kawo kanakonzeka, komanso munthu mmodzi si umboni wa anthu onse. Koma muyezo womwe timagwiritsa ndi woti nyengo yoyamba ikadutsa popanda kusintha kulikonse palibe chifukwa chopitirizira, ndipo iwo kusintha kunaoneka mokwanira, dokotala anavomera kuti apitirize.

Tikaphatikiza zotuluka m'thumba mwawo chaka choyambachi, ndi £114.50 ya satifiketi, mabasi a maulendo 4 obwera kwa ife, ndi mashifiti awiri athunthu ngati tiphatikiza matheka omwe anataya pobwera kukiliniki. Boma lalipira mapiritsi, mayeso ndi nthawi yathu. Ine ndikamawerengera odwala anga mtengo masiku ano ndimayamba ndi kuwafunsa kuti shifiti yanu imodzi ndi zingati, bwana wanu amakumasulani mosavuta, kumudzi kuli odwala, muli ndi pulani yotenga mimba. Lomalizali ndi lofunika, mayi woyembekezera sitimuyambitsa, ngakhale yemwe anayamba kale atha kupitiriza dokotala akaona kuti zili bwino. Amene mumavutika chaka chonse osati nthawi ya udzu yokha, mphuno kutseka m'mawa uliwonse mukadzuka, nthawi zambiri ndi tizilombo ta m'fumbi la m'matilesi ndi makapeti, ndipo mu 2025 bungwe la NICE, lomwe limaunika mankhwala oti NHS izipereka, linavomereza piritsi la mtundu womwewu la tizilomboti, Acarizax, kuti liziperekedwa pa NHS kwa omwe mankhwala wamba awakanika, nde kambani ndi GP wanu. A udzu, musadikire Juni kuti mukapemphe kalata, pemphani nyengo ikangotha.

Mayiwa anabwera sabata yatha kudzaonedwa. Ali ndi dzino la kumapeto lomwe likufunika kuzula mwezi wamawa, nde tagwirizana kuti tsiku lozulalo asiye piritsi kwa masiku 7 mpaka bala la m'kamwa lipole, andiyimbire asanayambirenso. Masiku 26 aja dokotala wati tiwawonjezera kumapeto, kutanthauza kuti m'malo mwa Novembala 2027 amaliza mu Disembala. Satifiketi yawo ikutha pa 30 mwezi uno, tinayikonzanso limodzi pa foni asanatuluke.